Mukamachoka pakhomo, galu mumamusiyira yani?

Mlimi wa ku Ntcheu akafuna kuchoka pakhomo kwa masiku angapo, amayamba walongosola za ziweto zake. Ng'ombe amazipereka kwa mbusa, mbuzi amauza mwana woti azizimangirira, ndipo nkhuku amasiyira apongozi pamodzi ndi kadengu ka madeya. Koma pali chiweto chimodzi chomwe kawirikawiri sichitchulidwa n'komwe, ndicho galu. Mwini wake akakwera njinga, galu amamuperekeza mpaka pamsewu, kenaka n'kubwerera kunyumba yotseka komwe kulibe madzi, chakudya ngakhale womuitana dzina.

Maulendo otere si achilendo m'boma lino. Ena amapita kukapikula mbatata ya kachewere ku Tsangano, ena amagona pamsika wa Lizulu ndi kabichi ndi tomato, ena amaswera ku madimba a m'chigwa cha Bwanje chilimwe chonse. Palinso maliro, kudwazika matenda kuchipatala, ndi anyamata omwe amapita ku Joni n'kukatha zaka. Aliyense wa anthu amenewa akasiya galu popanda womuyang'anira, amasiyira mudzi wonse vuto.

Ku mizinda ikuluikulu monga London ndi Johannesburg kuli anthu omwe ntchito yawo ndi yoyendetsa agalu a eni ake m'mawa ndi madzulo, ndipo amalipidwa. Kulinso malo osungirako agalu eni ake akapita kutchuthi. Mlimi akamva zimenezi amaseka, nkumati ndi zochita za anthu osowa chochita ndi ndalama. Komatu chomwe anthuwo amalipirira ndi zinthu zitatu zokha: galu adye, amwe madzi, ndipo pakhale munthu wodziwa komwe galuyo ali. Kwathu kuno zitatuzi sizifuna ndalama zambiri ayi. Mnyamata wobusa mbuzi yemwe amapita kudambo ndi galu tsiku lililonse akugwira kale ntchito yomweyo. Chomwe chimasowa ndi kupangana momveka bwino kuti galu uyu ali m'manja mwa uje kufikira mwini wake atabwera.

Chifukwa chake ndi chiwewe

Galu wosiyidwa sakhala pakhomo kudikira njala. Amayamba kuyendayenda m'makomo mwa anthu, m'madzala ndi m'misika, ndipo kumeneko amakumana ndi agalu ena n'kumalumana. Umu ndi m'mene chiwewe chimayendera. Matendawa amayamba ndi kachirombo kokhala m'malovu a nyama yodwala, ndipo kamalowa m'thupi kudzera pa bala la kulumidwa, kapena malovuwo akagwera pachilonda kapena m'maso. Kuchoka apo kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 100 aliwonse otenga matendawa, mpaka 99 amawatenga kwa galu, ndipo anayi mwa khumi aliwonse amakhala ana osafika zaka 15. Kawirikawiri zizindikiro zimaoneka patapita miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale zimatha kufulumira pa sabata imodzi kapena kuchedwa mpaka chaka. Apa ndi pomwe ambiri amanyengekera, poti bala limakhala litapola kalekale ndipo nkhani ya galu idaiwalika. Zizindikiro zikangoyamba, pafupifupi wodwala aliyense amamwalira.

Ife a ku Ntcheu tili ndi chifukwa china chokhalira tcheru. Kuchokera ku Lizulu kutsika ku Biriwiri, msewu wa M1 umayenda m'mphepete mwa malire a dziko lino ndi Mozambique, ndipo tsidya linalo kuli maboma a Angonia ndi Tsangano a m'chigawo cha Tete. Galu safunsidwa chiphaso pa malire. Amadya mbali ino, n'kukagona mbali inayo. Nazonso nkhandwe ndi afisi a m'mapiri amatha kutenga matendawa ndi kupatsira agalu opita ku uzimba.

Mlimi adziwenso kuti chiwewe chimapha ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba. Ng'ombe yodwala chiwewe imachucha dovu, imalira mosalekeza ndi mawu osasa, ndipo imalephera kumeza. Alimi ena poganiza kuti yatsamwa ndi chitsononkho kapena mbatata, amapisa dzanja m'kamwa mwake, osadziwa kuti akudziika pa ngozi. Ng'ombe yotere musaigwire kukamwa, musaiphe kuti mudye kapena kugulitsa nyama yake, koma itanani alangizi a ziweto. Taganizani, ng'ombe yapangolo ya mtengo wapatali kufa chifukwa cha galu yemwe adasowa mbale ya nsima.

Pangano ndi wosunga galu

Choyamba, sankhani munthu wamkulu yemwe galuyo amamudziwa kale, kaya ndi alamu anu, atsibweni kapena anansi oyandikana nawo nyumba. Mwana akhoza kuthandiza, koma udindo usakhale wa mwana yekha. Pitani mukalankhule nawo ulendo usadafike, monga mumachitira pa nkhani ya ng'ombe: "Alamu, ndichokapo sabata ziwiri, galu uja ndasiya m'manja mwanu, ufa wake ndi uwu."

Chachiwiri, siyani chakudya. Si bwino kupatsa mnzanu pakamwa pena popanda ufa. Mgaiwa kapena madeya ophika phala lolimba, kusakaniza ndi mitu ya usipa kapena matemba, nyemba zotsala ndi masamba, ndi chakudya chokwanira. Galu wamkulu adye kamodzi kapena kawiri pa tsiku, tiana katatu kapena kanayi. Mafupa ophika a nkhuku ndi oopsa chifukwa amathyoka mosongoka n'kubaya kummero kapena m'matumbo.

Chachitatu, gwirizanani za malo. Ngati galu ayenera kumangidwa, musamumange ndi chingwe chachifupi pa dzuwa. Kokani waya pakati pa mitengo iwiri ya mthunzi, n'kulowetsapo mphete yomangirirapo unyolo, kuti galu azitha kuyenda uku ndi uku. M'khosi muikeni lamba wachikopa kapena wansalu yolimba, osati waya, ndipo zala ziwiri zizitha kulowa pakati pa lamba ndi khosi. M'mawa ndi madzulo wosungayo amuyendetse pa chingwe popita kudimba kapena kumunda. Galu womangidwa usana ndi usiku osamasulidwa amasanduka wolusa.

Chachinayi, siyani chiphaso cha katemera ndipo wosungayo adziwe komwe alangizi a ziweto a dera lanu amapezeka. Pomaliza, mukabwera musaiwale kuthokoza. Kankhuku, ndowa ya mbatata kapena sopo zimachititsa kuti ulendo wina mudzalandiridwenso. Ngati mukupita kutali kwa miyezi yambiri, ndi bwino kungomupereka galuyo kwa munthu womufuna kuti akhale wake.

Nyengo iliyonse ndi zake

M'chilimwe, kuyambira Sepitembala mpaka mvula itagwa, mdani wamkulu ndi ludzu ndi kutentha, makamaka kumunsi monga ku Sharpevale, Kasinje ndi Bilira. Galu satuluka thukuta ngati munthu, amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili panja. Muikireni madzi oyera pamthunzi tsiku lonse m'phale kapena m'chidebe chosagubuduka. Mukaona kuti wafooka ndi dzuwa, mupititseni pamthunzi ndi kumuthira madzi ozizirira bwino pamimba ndi m'miyendo. Anthu ambiri amati dzuwa la Okotobala ndi lomwe limapengetsa agalu. Dzuwa palokha siliyambitsa chiwewe. Chomwe chimachitika n'choti tchire likapsa agalu amapita ku uzimba, amayenda mitunda kufuna madzi, ndipo amakumana ndi kulumana kwambiri.

M'dzinja mumachuluka nkhupakupa, utitiri ndi njoka za m'mimba. Nkhupakupa zimabweretsa matenda omwe amafoola galu, nkhama zake n'kuyera. Muzimuyang'ana m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Mankhwala osambitsira ng'ombe kapena opopera mbewu musathire pa galu mwa nzeru zanu, funsani alangizi za mtundu ndi muyeso wake. Tiana ta agalu togona pa dothi lonyowa timalowedwa mphutsi pakhungu, choncho pogona pawo pakhale pouma ndi posesedwa. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, galu ndiye amayamba kumanidwa. Akatero amakalowa m'munda mwa eni kukadya chimanga chachiwisi kapena kugwira nkhuku, ndipo mapeto ake ndi mlandu kwa amfumu kapena nyambo ya poizoni.

M'masika alimi amathira mankhwala m'chimanga ndi kutchera makoswe ndi poizoni. Galu kapena mphaka akadya khoswe wofa ndi poizoni nayenso amatha kufa. Makoswe otere akwirireni mozama kapena kuwataya m'chimbudzi. Mabotolo a mankhwala opopera tomato, kabichi ndi mbatata asasanduke omwetsera ziweto. Ndipo m'miyezi ya chisanu, Juni ndi Julaye, kumtunda monga ku Tsangano ndi ku Lizulu kumazizira koopsa. Chiguduli chakale ndi kakhumbi kotchinga mphepo zimapulumutsa tiana ndi agalu okalamba. Nyengo ina iliyonse, musapatse galu kapena mphaka mankhwala a anthu opha ululu. Panado amapha mphaka, ndipo Brufen amaononga m'mimba ndi impso za galu.

Katemera ndiye mpanda

Akatswiri adapeza kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse a m'dera akamalandira katemera chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa poyenda ndipo chimazilala. Izi zidaonekera m'dziko mwathu momwe muno. M'chaka cha 2012 madotolo a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adalemba lipoti lodandaula za ana omwe amamwalira ndi chiwewe. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto, lidabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzindawo m'masiku 20 okha, ndipo pambuyo pake ntchitoyi idafalikira ku Zomba ndi Chiradzulu. Maiko a dziko lapansi adagwirizana kuti pofika chaka cha 2030 pasadzapezekenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Tsiku la 28 Sepitembala ndi lokumbukira nkhondo yolimbana ndi matendawa, polemekeza Louis Pasteur wa ku France, yemwe adapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu wachiwewe pomubaya katemera m'chaka cha 1885.

Boma la Ntcheu lili pansi pa chigawo cha zaulimi cha Lilongwe ADD, ndipo lili ndi madera a zaulimi a Tsangano, Njolomole, Kandeu, Sharpevale, Bilira, Nsipe ndi Manjawira. Funsani ku ofesi ya dera lanu za tsiku la katemera. Galu abayidwe akakwana miyezi itatu, kenaka chaka chilichonse, ndipo pa tsiku la kampeni tengani ndi tiana tomwe kuti alangizi akatione. Amphaka nawonso amafunika katemera. Apa ndi pomwe wosunga galu amafunikira kwambiri, chifukwa galu yemwe mwini wake wachokapo ndi amene amaphonya katemera. A vetenale akalamula kuti agalu onse amangidwe chifukwa chiwewe chabuka, mverani, poti galu wopezeka akuyendayenda nthawi imeneyo akhoza kuphedwa.

Munthu akalumidwa

Tsukani bala nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musapake dothi, phulusa, tsabola kapena ubweya wa galuyo. Kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono ngati kukalidwa ndi minga. Katemera wa anthu sapezeka m'zipatala zonse zazing'ono, choncho mukhoza kutumizidwa ku chipatala chachikulu cha pa boma. Jekeseni yake si imodzi, amabaya pa masiku osiyanasiyana, ndipo muyenera kumaliza onse monga achipatala akuuzirani. Dziwitsaninso a vetenale, popeza kawirikawiri achipatala amafuna kalata yawo yofotokoza za galuyo.

Ngati galu woluma ndi wodziwika ndipo akuoneka wabwinobwino, musathamangire kumupha. Mutsekereni pamalo poti sangalumenso wina, kumupatsa chakudya ndi madzi, n'kumuyang'anira kwa masiku khumi. Akadwala kapena kufa m'masikuwo, uzani a vetenale ndi achipatala msanga. Koma wolumidwayo asadikire masiku khumiwo ali kunyumba. Zizindikiro zokayikitsa ndi izi: galu wofatsa kuyamba kulusa popanda chifukwa, kuluma mitengo ndi miyala, kuchucha dovu, kusintha kauwidwe, kapena kungofooka chibwano chili lende. Makolo auzenso ana kuti galu akawaluma kapena kuwakala azinena, ndipo mwana wonena asakalipiridwe, chifukwa ana ambiri amabisa poopa mkwapulo.

Galu ndi mlonda wa khola, wa nkhokwe ndi wa dimba, ndipo malipiro ake ndi mbale ya nsima, madzi ndi jekeseni imodzi pa chaka. Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa galu. Musadikire kuti mwana wa mnzanu alumidwe. Ngati muli ndi ulendo sabata ino, pitani madzulo ano kwa alamu anu ndi kathumba ka mgaiwa ndi chiphaso cha katemera, mukawauze tsiku lomwe mudzabwere.