ULENDO WATHU WA KU MINDA YA MPHESA

Inu amene munatsala pa Loweruka lija, cherani khutu ndikuuzeni zimene tinaona.

Tinakwera basi mbandakuca ku Stellenbosch, mudzi umene Simon van der Stel anaukhazika m'caka ca 1679. Poyamba tinaima pa sukulu ya abusa imene inatsegulidwa mu 1859. Akulu athu a mpingo wa Nkhoma anabvula zipewa, pakuti pamenepo ndipo anaphunzira A. C. Murray, amene anayamba misyoni ku Mvera mu 1889. Iye anacoka kuno kunka kwathu, ife tacoka kwathu kudza kuno.

Tsono basi inakwera citunda ca Helshoogte mobuula, amai ali kuyimba nyimbo za m'chalichi. Titatsetsereka pang'ono tinafika ku Pniel, mudzi wa m'mbali mwa phiri la Simonsberg. Ukapolo unathetsedwa ku Cape mu 1834, koma anthuwo anaumirizidwabe kugwirira ambuye ao kufikira pa 1 December 1838. Mu 1843 ena a iwo anapeza malo pa misyoni imeneyi, namanga nyumba zao. Akapolo ambiri a ku Cape anacita kutengedwa ku Mozambique ndi ku Madagascar. Tinaima kanthawi pa manda a mudziwo. Gogo wina wa mwa ife, amene wadulira mphesa zaka zambiri, anatikumbutsa kuti makolo a anthu awa sanabwerere kwao, angakhale mitembo yao. Tonse tinangoti cete.

Dzuwa lili pamutu tinalowa m'Franschhoek. Kale malowa ankachedwa Olifantshoek cifukwa ca njobvu. Afalansa othawa nkhondo ya cipembedzo anafika mu 1688, napatsidwa minda m'cigwamo. Msika wa Loweruka uli pabwalo la chalichi. Tinaona buledi, uci, zipatso ndi nyama youmika. Amai anafunafuna ufa ndi usipa, koma ai ndithu. Vinyo anali mbwee, ndipo mabotolo ena mtengo wace unaposa malipiro athu a tsiku lathunthu. Mnyamata wina anaseka, nati botolo limenelo ndi thukuta lathu lomwe, angolibveka cipewa.

Tisaiwale, abale, kuti vinyo woyamba wa ku Cape anafinyidwa mu 1659, ndipo kwa zaka mazana anchito a m'mafamu ankalandira vinyo monga gawo la malipiro. Mwambo woipawo, umene ankauti dop, unaononga mabanja ambiri. Ndiponso mu 2012 anzathu a ku De Doorns ananyanyala nchito, ndipo mu 2013 malipiro otsikitsitsa anakwera kucokera pa R69 kufika pa R105 pa tsiku. Cimene tidya lero ena anacibvutikira.

Madzulo tinakwera mseu wokhotakhota wa pamwamba pa Franschhoek, tinadya mkute wathu, tinapemphera, tinabwerera bwino.

Tsopano mau awiri a komiti. Kwamveka manong'onong'o akuti ulendowu unadya ndalama za maliro. Si zoona. Yense analipira mpando wace m'thumba mwace, ndipo Msungicuma adzatsegula buku pa msonkhano ukudzawu kuti aliyense aone ndi maso. Koma m'buku lomwelo muli maina a ena amene ali ndi ngongole ya miyezi ingapo. Njira ya maliro ndi yaitali: Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kufikira Mwanza, ndipo galimoto silinyamuka ndi misozi. Aja a ku Pniel analibe wowaperekeza kwao. Ife tili naye, ndiye Bungwe lino. Perekani copereka canu mwezi usanathe, kuti tsiku la tsoka lisatipeze manja ali m'khosi.

Ndine wanu m'nchito,
Mlembi.