Kusoka Zidole Zogulitsa Uku Mukulera Mwana

M'makalabu athu ambiri muli atsikana ndi anyamata amene ali kale ndi mwana. Mwana akabadwa zofunika zimachuluka: sopo, matewera, ndalama yoyendera popita ku sikelo, ndiponso ufa wa phala akakwana miyezi 6. Koma mayi wa khanda sangachoke pakhomo tsiku lonse kukagwira ganyu kapena kukakhala pamsika. Apa ndi pamene atsikana ena amagwa m'manja mwa abambo andalama amene amapereka thandizo posinthana ndi kugonana, ndipo mapeto ake amakhala mimba ina kapena kachirombo ka HIV. N'chifukwa chake tikufuna tikambirane za ntchito imodzi yamanja imene munthu angagwire ali pakhonde, mwana ali pambali: kusoka zidole za nsalu zogulitsa.

Ntchitoyi siilemeretsa munthu mwezi umodzi. Koma imatha kubweretsa ndalama ya sopo ndi ndiwo ngati wosokayo asamala zinthu zitatu: mwana amene adzasewere ndi chidolecho, mwana wake amene ali pakhomo, ndi mtengo umene akugulitsira.

Chifukwa chiyani zidole?

Ana sasowa chidole. Kumudzi mtsikana amatola chitsononkho cha chimanga, kuchikulunga kansanza n'kuchibereka kumsana. Ena amaumba cha dongo pa masanje. Makolo amene ali ndi kangachepe amagula zapulasitiki zochokera kunja, zimene sizichedwa kuguluka mikono ndipo zambiri sizifanana ndi ana athu. Chidole cha nsalu ya bulauni, chovala chitenje ndi duku, chimakopa mwana ndi mlendo yemwe.

Ubwino wina ndi wakuti mpamba wake ndi wochepa. Simufunika makina osokera kuti muyambe, singano ndi manja n'zokwanira. Ntchitoyi imathekanso kuiduladula. Mandasi mukayamba kukazinga simungawasiye pamoto mwana akalira, ndipo tomato akapanda kugulidwa amaola. Chidole mungathe kuchisiya pakati, kukayamwitsa, n'kudzapitiriza madzulo, ndipo chikapanda kugulidwa sabata ino chidzagulidwa mwezi wamawa.

Ena anayamba bwanji?

Amayi a m'maiko ena anayendamo kale m'njira imeneyi. Mu 1905 mayi wina wa ku Germany, dzina lake Käthe Kruse, anapangira mwana wake wamkazi chidole atatenga thaulo, kuthiramo mchenga ndi kuika mbatatesi ngati mutu. Chidolecho sichinakhalitse, koma mayiyo anapitiriza kuyesa njira zina uku akulera ana ake. Mu 1910 anaonetsa zidole zake m'sitolo ina yaikulu mumzinda wa Berlin, ndipo mu 1911 sitolo ya zoseweretsa ya ku New York inaitanitsa zidole 150. Mu 1912 anatsegula malo osokerapo m'tauni ya Bad Kösen nalemba anthu ntchito. Taonani kuti panadutsa zaka 5 akuphunzira asanayambe kudziwika.

Pafupi ndi kwathu kuno, ku South Africa, bungwe la Hillcrest AIDS Centre Trust kufupi ndi mzinda wa Durban linayambitsa ntchito yamanja yotchedwa Woza Moya. Kudzera m'ntchitoyi anthu okhudzidwa ndi HIV ndi Edzi akhala akupanga tizidole tamikanda totchedwa Little Travellers, timene anthu amavala pa malaya, ndipo tagulitsidwa mpaka kumaiko akutali. Phunziro lake ndi lakuti kanthu kakang'ono kopangidwa bwino, pamene anthu agwirizana pa kagulitsidwe, kangadyetse banja.

Zimene mukufunika

Pitani kwa atelala a m'dera lanu mukapemphe kapena kugula motchipa tizidutswa ta zitenje totsala. Nsalu ya thupi la chidole ikhale ya thonje, yolimba, ya mtundu umodzi. Malaya a pa kaunjika ndi abwino pa ntchito imeneyi. Mufunikanso singano, ulusi wolimba, sizasi yakuthwa, choko, katoni yodulirapo patani, ndi zoika m'kati. Kwa anzathu a m'maboma olima thonje monga Balaka, Salima ndi Chikwawa, thonje lochotsa njere ndi labwino. Ena angagwiritse ntchito tinsalu tofewa toduladula.

Musaike m'kati madeya, mpunga, nyemba, utuchi kapena mchenga. Zinthu zimenezi zimaitana anankafumbwe ndi makoswe, zimachita nkhungu zikanyowa, ndipo msoko ukang'ambika mwana angazimeze.

Musanadule, chapani nsalu zonse ndi sopo ndi kuziyanika padzuwa. Kuchapa kumachotsa fumbi ndi litsiro, komanso kumakuonetsani nsalu imene imatulutsa utoto. Nsalu yotere musaigwiritse ntchito, chifukwa mwana adzaiika m'kamwa.

Kasokedwe kake

1. Jambulani chidole pa katoni: mutu, thupi, mikono ndi miyendo, zonse pamodzi. Poyamba chikhale chotalika pafupifupi masentimita 30. Mikono ndi miyendo ikhale yonenepa, chifukwa yoonda imavuta kutembenuza. Dulani katoniyo. Imeneyi ndiyo patani yanu, ndipo idzathandiza kuti zidole zanu zizifanana.

2. Pindani nsalu pawiri, mbali zabwino zitayang'anizana m'kati. Ikani patani pamwamba ndi kuzunguliza choko. Podula siyani sentimita imodzi kunja kwa mzere.

3. Musanalumikize mbali ziwirizo, sokani maso, mphuno ndi pakamwa ndi ulusi pa mbali yakutsogolo. Mfundo zonse zikhale kumbuyo kwa nsalu kuti zidzabisike m'kati.

4. Sokani motsata mzere wa choko, mobwerera m'mbuyo pang'ono pa kubaya kulikonse kuti msoko usamasuke. M'khosi ndi m'khwapa sokani kawiri, poti ndi mmene ana amakokera. Siyani kampata ka masentimita 5 m'mbali mwa thupi.

5. Chekani pang'ono nsalu yotsala m'makona, osafika pa ulusi. Tembenuzani chidole kudzera pa kampata kaja.

6. Ikani thonje pang'onopang'ono ndi kamtengo kosasongoka, kuyambira ku mapazi ndi manja. Khosi lidzaze bwino kuti mutu usagwe. Tsekani kampatako.

7. Valikani chidole diresi la chitenje ndi duku. Mungathe kuonjezera kamwana kumsana kobereka m'kachitenje.

Zidole zoyamba zimatuluka zokhota. Zimenezo musagulitse, mpatseni mwana wanu ngati ali wamkulu mokwanira, ndipo muone pamene zikuyamba kung'ambika. Pamenepo ndi pofunika kulimbitsa.

Chidole chisavulaze mwana wa mwini

Apa ndi pofunika kusamala koposa. Mwana wosakwana zaka 3 amaika chirichonse m'kamwa, ndipo njira yake ya mpweya ndi yopapatiza. Batani limodzi kapena mkanda umodzi ungamutsamwitse mpaka kufa. Choncho chidole choseweretsa ana chisakhale ndi mabatani, mikanda, mapini kapena waya. Maso akhale osoka ndi ulusi. Kanthu kalikonse kochepera masentimita 3 kamene kangathothoke n'koopsa kwa mwana wa msinkhu umenewu. Zingwe ndi malamba zikhale zazifupi kuti zisazungulire khosi kapena chala. Tsitsi la ulusi lisokedwe molimba, kapena ingosokererani duku kumutu.

Mukamaliza chidole chirichonse chitani zinthu zitatu. Kokani mikono, miyendo ndi mutu ndi mphamvu. Chifinyeni paliponse ndi manja kuti muone ngati simunatsale singano kapena pini. Werengani masingano ndi mapini anu: ngati munayamba ndi 10, athe ali 10.

Zidole zamikanda ndi zokongoletsa zina ziri ndi msika wake, makamaka kwa alendo, koma muziuza wogula momveka kuti chimenechi ndi chokongoletsera m'nyumba, si cha mwana. Muziuzanso makolo kuti khanda losakwana chaka chimodzi lisagone ndi chidole chofewa pafupi ndi nkhope, chifukwa chingalitseke mpweya. Wogula amene mwamuuza zoona amabweranso ndipo amaitana anzake.

Nanga mwana wanu?

Mwana wokwawa amaona singano imene inu simunaione. Sungani masingano, mapini ndi sizasi m'chitini chotseka, ndipo chitinicho chikhale pamwamba. Musabaye singano pa chitenje chimene mwavala kapena kuigwira ndi milomo, chifukwa mwana akalira mudzamunyamula mwaiwala. Sokerani pa mphasa imodzi nthawi zonse ndi kuikung'untha mukamaliza. Musasoke mwana ali pamiyendo kapena akuyamwa. Mukadzibaya, sambani ndi sopo ndi kumanga pabalapo musanagwirenso nsalu.

Gawani ntchito molingana ndi tsiku la mwana. Kudula ndi kusoka, zimene zimafuna zitsulo zakuthwa, chitani pamene wagona kapena ali ndi agogo ake. Kuika thonje ndi kupinda nsalu mungachite ali pambali panu mukumuyankhula ndi kumuimbira. Kudula zidole zisanu nthawi imodzi kumafulumira kusiyana ndi kumaliza chimodzichimodzi. Pewani kusoka usiku pa koloboyi, maso amatopa ndipo nsalu ndi thonje sizichedwa kugwira moto.

Oda ya kasitomala isadye nthawi ya mwana. A zaumoyo amalangiza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 yoyamba, ndipo khanda liyenera kuyamwa nthawi iriyonse imene lafuna. Tsiku la sikelo ndi katemera lisaphonyedwe. Kwa amayi amene akumwa ma ARV, tsiku lokatenga mankhwala ndi loyezetsa mwana ndi lofunika kuposa msika uliwonse. Choncho polonjeza wogula, onjezerani masiku. Ngati ntchito ndi ya masiku atatu, nenani sabata, chifukwa mwana angathe kutentha thupi usiku wina.

Kuika mtengo

Ambiri amagwa apa. Amawerengera nsalu ndi ulusi n'kuiwala nthawi yawo. Tiyerekeze kuti zipangizo za chidole chimodzi zakwana K2,000. Mwasoka maola anayi, ndipo mukanapita ku ganyu maola amenewo mukanalandira K3,000. Gawo la chidolecho pa ndalama yoyendera ndi K500. Ndiye kuti chidolecho chakudyerani K5,500. Mukagulitsa K4,000 mudzaona ngati mwapindula, chonsecho theka la nthawi yanu mwagwira ntchito yaulere. Manambalawa ndi chitsanzo chabe, inu muikepo mitengo ya kwanu.

Mitengo imasintha. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo katundu wambiri anakwera. Wosoka amene salemba amapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale mpaka mpamba kutha. Khalani ndi kope: tsamba lina zimene mwagula, lina zimene mwagulitsa. Ndalama ya mpamba isasakanikirane ndi ya ndiwo. Ngongole kwa achibale ndi anzanu ichepe, ndipo wofuna zidole zambiri ayambe wapereka theka.

Msika uli kuti?

Yambani pafupi. Makolo a kutchalitchi kapena kumzikiti, aphunzitsi, anamwino ndi anzanu a ku banki m'khonde ndiwo makasitomala oyamba. Sukulu za mkombaphala ndi malo osamalirako ana m'midzi amafuna zoseweretsa zolimba ndi zochapika. Nthawi ya Khirisimasi ndi maphwando a tsiku lobadwa malonda amayenda, choncho yambani kusoka miyezi iwiri isanafike.

Alendo amagula zinthu zamanja m'malo ngati Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhata Bay, komanso m'misika ya ziboliboli ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Iwo amakonda tizidole tating'ono tosavuta kunyamula. Mukasiya katundu kwa wogulitsa wina, lemberanani chiwerengero, mtengo, gawo lake ndi tsiku lolipira, ndipo nonse musaine. Amene muli ndi foni jambulani chidole panja powala, kumbuyo kuli nsalu yoyera, ndi kuika pa WhatsApp kapena Facebook. Polandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, onani kuti yalowadi musanatumize katundu. Musapite nokha kunyumba kapena kuchipinda cha munthu wosamudziwa amene akuti akufuna kugula. Kumanani poyera, muli awiri.

Kalabu ingachitepo chiyani?

Mutu umodzi susenza denga. Mayi mmodzi payekha amatopa, koma anthu asanu angathe kugula ulusi pamodzi motchipa, kusinthana kuyang'anira ana pamene ena akusoka, ndi kutuma mmodzi kumsika m'malo mopita onse. Kalabu ingapemphe telala wa m'dera kudzaphunzitsa Loweruka limodzi pa mwezi, kapena kufunsa ku ofesi ya achinyamata ya m'boma lanu za maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA.

Anyamata, nkhaniyi ndi yanunso. Atelala ambiri m'misika yathu ndi amuna, choncho singano si ya akazi okha. Ngati mwana ndi wanu, kumunyamula maola awiri kuti mayi ake asoke ndi udindo wanu.

Tikumbutsanenso kuti kusoka sikulowa m'malo mwa sukulu. Kuyambira mu 1993 boma la Malawi limalola atsikana amene anabereka kubwerera kusukulu. Ndalama ya zidole ingathandize kugula makope ndi yunifomu pamene nthawi yobwerera yakwana.

Mafunso okambirana m'kalabu

1. Kodi m'dera lathu ndi atelala ati amene angatipatse tizidutswa ta nsalu?

2. Ndi anthu ati 10 amene tingawaonetse zidole zathu zoyamba?

3. Tingagawane bwanji ntchito yoyang'anira ana kuti aliyense apeze nthawi yosoka?

4. Ndani pakati pathu adzayese chidole chirichonse chisanapite kumsika?

Pa msonkhano wotsatira aliyense abwere ndi singano, ulusi, katoni ndi malaya akale amodzi ochapa. Dulani patani yoyamba tsiku lomwelo.