Kufunsa Mbeu za Zitsulo za m'Nthaka

Ambiri a inu mukuganiza kuti mukadzaleka nchito mudzapeza kamunda, kapena ku Palabana m'boma la Chongwe, kumene kwakhala sukulu yophunzitsa kuweta ng'ombe za mkaka, kapena kwina pafupi ndi tauni. Tsono usiku uno tikambe za funso limene munthu wotere ayenera kufunsa asanataye ndalama zace: kodi nthaka iyi ndi madzi awa ziribe zitsulo zoononga mbeu?

Zitsulo zimene tinena ndizo mkuwa, zinki, mtobvu ndi cina cochedwa kadimiyamu. Mkuwa ndi zinki mbeu imazifuna pang'ono cabe, monga mcere m'ndiwo. Zikacuruka zisanduka ululu. Mtobvu ndi kadimiyamu ziribe nchito iri yonse m'mbeu. Ndipo citsulo siciola monga manyowa. Mgodi wa Broken Hill, umene miyala yace inapezedwa ndi T. G. Davey m'caka ca 1902, unatsekedwa mu 1994, koma mtobvu ukali m'nthaka ya ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Pa 18 February 2025 damu la zotsala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi nalowa mu Mwambashi ndi mu Kafue, napha nsomba, naononga minda. Ku Palabana kulibe mabvuto otere a migodi, inde. Koma kumbukirani kuti mtsinje wa Ngwerere umatenga madzi oipa a mu Lusaka ndi kuwathira mu Chongwe, ndiponso mabatire akale otayidwa pa dzala ali ndi mtobvu.

Nanga akatswiri amayesa bwanji? Amai onse ofulula thobwa adziwa kale ciyambi cace. Mukabviika cimanga kuti mupange cimera, njere imamwa madzi, ufa wa m'kati mwace nuyamba kusanduka shuga, ndico cifukwa cace cimera cimatsekemera. Shuga ameneyo ndiye kamba wa kambeu pa ulendo wace, kufikira katapeza masamba. Zitsulo zikacuruka zimacedwetsa nchito imeneyi, ndipo zimapweteka nsonga ya muzu, pamene pali kukula kweni-kweni.

Ku Mount Makulu, pafupi ndi Chilanga, kuli nyumba ya Boma yoyesa mbeu, yochedwa Seed Control and Certification Institute. Lamulo limene nyumba zotere zimatsata pa dziko lonse ndilo kutenga njere 400 ndi kuzigawa panai, 100 pa gulu liri lonse, kuzifunda m'mapepala onyowa kapena mu mcenga, ndi kuzisunga pa malo ofunda bwino. Cimanga amaciwerenga tsiku lacinai ndiponso tsiku lacisanu ndi ciwiri. Wofuna kuyesa zitsulo amatsata njira yomweyo, koma amasintha madzi okha. Gulu loyamba alipatsa madzi oyera. Laciwiri madzi osungunuliramo citsulo pang'ono. Lacitatu coonjezerapo, ndi kumakwera comweco. Gulu la madzi oyera ndilo mboni ya mlandu wonse, pakuti popanda ilo simungadziwe ngati cobvuta ndi citsulo kapena mbeuyo inali yofumbwa kale.

Apa mpomwe pali cinthu codabwitsa, ndipo ndifuna mucimvetse. Munthu akangowerenga njere zomera, kawiri-kawiri amanyengedwa. Khungu la njere limachinga citsulo pa masiku oyamba, ndipo kambeu kali kudya kamba wace. Cotero njere zambiri zimatumphuka ndithu ngakhale m'madzi oipa. Coonadi ciri ku muzu. Muzu wa m'madzi oyera ndi wautali, woyera mbee, wa timizu tambiri ta m'mbali. Wa m'madzi a citsulo ndi waufupi, wonenepa, nthawi zina wofiirira ku nsonga ngati waocedwa. Tsinde lingaoneke bwino pamene muzu wapunduka kale.

Cifukwa ca ici, m'caka ca 1957 katswiri wa ku Britain, D. A. Wilkins, anafalitsa njira yoyesera kupirira kwa udzu ku mtobvu poyesa utali wa mizu. Masamu ace ndi apafupi. Tinene kuti mizu ya m'madzi oyera yafika masentimita 10, ndipo ya m'madzi a citsulo masentimita 4. Ndiye kuti mbeuyo yapirira magawo 40 pa 100. Mukatero ndi cimanga, mapira ndi nyemba, kapena ndi mitundu iwiri ya cimanga, mudzaona wolimba ndi wofoka. Zomera zimasiyana kwambiri pa ici. Ku Migodi kuli kaduwa kochedwa Becium homblei, kamene kamakula pa nthaka ya mkuwa wambiri pamene zomera zina zikanika, kotero kuti ofunafuna miyala ankakatsata.

Kodi mlimi wa ku Palabana angayese yekha? Angathe, ngakhale mosafika pa akatswiri. Tengani mabeseni awiri. M'limodzi ikani dothi limene muli kulikayikira, m'linzace dothi la m'munda umene muudziwa kuti ubala bwino. Bzalani njere 20 m'beseni liri lonse, zocokera m'thumba limodzi, ndi kuthirira madzi amodzimodzi, mabeseni ali pa mthunzi umodzi. Ngati muli kukayikira madzi, sinthani madziwo, dothi likhale limodzi. Musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, cifukwa simudzadziwa copalamula. Patapita sabata zulani bwino-bwino, tsukani mizu, muiyese ndi rula ndi kulemba.

Koma ndikucenjezeni. Mizu yaifupi ingouza kuti pali kanthu. Sichula dzina la citsulo, ndipo mcere kapena asidi wa m'nthaka angacite zomwezo. Coopsa coposa ndi ici: ndiwo zamasamba monga repu zingakule zobiriwira bwino, koma ziri ndi kadimiyamu m'masamba mwace, ndipo msipu wa pa nthaka yoipa ungapatsire ng'ombe. Zimenezo zimaoneka ndi makina okha, monga a ku Yunivesite ya Zambia, imene kuyambira 2016 inagwira nchito pamodzi ndi Yunivesite ya Hokkaido ya ku Japan kuyesa nthaka, ziweto ndi magazi a anthu a ku Kabwe.

Cotero mizu ikakukayikitsani, tengani dothi la pa malo angapo a m'mundamo, mulisanganize, mupite nalo kwa alangizi a za malimidwe kuti alitumize kukayesedwa. Akapeza kuti nthaka ndi ya asidi adzakuuzani za laimu, pakuti pa nthaka ya asidi zitsulo zimasungunuka msanga ndi kulowa m'mizu, ndipo laimu ndi manyowa zimazigwira kuti zisayende. Sizicotsa citsulo ai. Munda wa mtobvu wambiri suyenera kubzalidwa ndiwo, ndipo ana asamasewere m'pfumbi lace.