Mayina a pakhoma la tchalitchi

Mukalowa m'tchalitchi chakale cha kumudzi ku England, musafulumire kukhala pa benchi. Yambani mwaponya maso pamakoma. Kawirikawiri mupezapo chikwangwani cha mkuwa, kapena mwala wosalala, chodzaza mayina. Pamwamba pamakhala 1914–1918. Chakumunsi, pamalo pamene panatsala, anadzafinyikizapo 1939–1945 ndi mayina ocheperapo. Mukawerenga mofatsa muona dzina la banja limodzi likubwera kawiri, mwina katatu: ana a mimba imodzi, kapena bambo pamwamba, mwana wake pansi.

Zikwangwanizi zinachuluka chifukwa mitembo sinabwerere kwawo. Kuchiyambi kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mabanja ena a chuma ankatha kukatenga thupi la mwana wawo ku France. Mu Epulo 1915, William Gladstone, mdzukulu wa nduna yaikulu yotchuka ya dzina lomwelo, anaphedwa kunkhondoko, ndipo thupi lake analibweretsa n'kudzaliika kwawo ku Hawarden. Akuluakulu anaona kuti zikapitirira chomwecho, olemera okha ndi amene adzakhale ndi manda pafupi, amphawi n'kumangoyang'ana. Analetsa. Bungwe la Imperial War Graves Commission, lomwe Fabian Ware anakhazikitsa mu 1917, linaumirira lamuloli: aliyense agone kumene anagwera, mwala wa kazembe ulingane ndi wa msilikali wamba. Ambiri analibe n'komwe manda. Pachipilala cha Thiepval pokha pali mayina opitirira 72,000 a anthu amene matupi awo sanapezeke kapena sanazindikirike.

Taganizani mayi amene wangolandira kalata, osaona bokosi, osaponya dothi, wopanda poti n'kudzamangapo chiliza. Dzina la pakhoma lija ndilo linali chiliza chake. Lamulungu lililonse ankakhala poti azitha kuliona.

Madera ena imfa inachita kukokolola tsiku limodzi. Anyamata a tawuni imodzi ankalembedwa usilikali pamodzi, atalonjezedwa kuti sadzawasiyanitsa ndi anzawo. A ku Accrington, tawuni ya mafakitale a nsalu ku Lancashire, anapita kukathira nkhondo pa Serre m'mawa wa pa 1 Julayi 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme. Mwa amuna pafupifupi 720, okwana 584 anaphedwa, kuvulazidwa kapena kusowa. Tsiku lokhalo asilikali a Britain 19,240 anafa. M'tchalitchi cha St John ku Accrington muli kachipinda kopemphereramo kopatulidwira anyamatawo.

Boma silinalamule kalembedwe ka mayina. Mudzi uliwonse unkasankha komiti yake, wansembe, mwini minda, mphunzitsi wamkulu, ndipo ndalama zinkachokera m'zopereka. Mikangano inali pamenepo. Kodi maudindo alembedwe, mwana wa bwana atsogole? Midzi yambiri inasankha kungotsata alifabeti, ndipo ine ndimaona kuti inachita mwanzeru. Nanga mnyamata wa mpingo wa Methodist kapena wa Katolika alembedwe m'tchalitchi cha Anglican? Kwina funso limeneli linachititsa kuti chipilala achimange panja, pabwalo la mudzi. Nanga amene anabwerako wamoyo n'kudzafa ndi mabala, kapena ndi chimfine cha 1918? Makomiti ankayankha mosiyanasiyana. Ndiye panali aja 306 amene anawomberedwa ndi anzawo ataweruzidwa kuti athawa nkhondo kapena achita mantha. Ambiri mwa iwo anawadumpha mwakachetechete. Boma linawakhululukira mu 2006, ndipo m'midzi ina mayina awo achita kuwonjezeredwa posachedwapa. Ngakhale kuwonjezera dzina limodzi si kungobwera ndi mmisiri: mu mpingo wa Church of England pamafunika chilolezo cha khoti la dayosizi.

Ilipo midzi yochepa, yoposa pang'ono 50 ku England ndi Wales, imene amuna ake onse anabwerako amoyo ku nkhondo yoyamba. Mlembi Arthur Mee anaitcha midzi yoyamika. Umodzi mwa iyo ndi Upper Slaughter, umene sunataye munthu pa nkhondo zonse ziwiri, ngakhale liwu lachiwiri la dzina lake m'Chingerezi cha masiku ano limatanthauza kupha.

Nkhondo yoyamba ija inafikanso kuno. Pa 9 Seputembala 1914 kunali kuwomberana ku Karonga, ndipo mu Novembala John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo. Nsanja ya ku Zomba imakumbukira asilikali a King's African Rifles. Koma amtengatenga, amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland amene anasenza katundu wa nkhondo, ambiri n'kutha ndi kamwazi, njala ndi kutopa, mayina awo sanazokotedwe pamkuwa. Mu 2021 lipoti la bungwe la manda lija, limene tsopano limatchedwa Commonwealth War Graves Commission, linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, makamaka a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Ntchito yofufuza mayinawo m'makaundula akale inayamba patapita zaka zoposa 100 nkhondoyo itatha.