Oyendetsa Ndege Acepa: Bvuto la Kukhala Kutali ndi Nchito

Munthu akaona ndege irikudutsa m'mwamba, kawiri kawiri aganiza kuti onse ogwira nchito m'menemo ndi olemera, osadziwa bvuto la nyumba kapena la ulendo wa kunchito. Ganizo limeneli liri loona pang'ono cabe. Kapitao wa ndege yaikuru amene wakhalitsa pa nchito alandiradi ndarama zambiri. Koma ku America, dziko la ndege zocuruka koposa maiko onse, m'caka ca 2022 ndege zabwino bwino zinangoima pabwalo cifukwa ca kusowa anthu oziyendetsa. M'mwezi wa June caka cimeneco mkuru wa kampani ya American Airlines, Bambo Robert Isom, ananena kuti ndege zao zazing'ono ngati 100 zinali pansi, ndipo posacedwa kampaniyo inaleka kufika ku mizinda ina yaing'ono monga Toledo ndi Dubuque. Nanga nchito yokhumbirika cotere ingasowe bwanji anthu?

Kuti nkhaniyi imveke, nkoyenera kuyamba ndi malo amene munthu wa ndege ayambirapo nchito. Kampani iri yonse iri ndi mabwalo ace akuru, ndipo woyendetsa ali yense, ngakhalenso wotumikira a paulendo, alembedwa pa bwalo limodzi, limene pa Cingerezi alicha base. Maulendo ace onse ayambira pamenepo ndi kutsirizira pomwepo. Posankha bwalo atsata ukuru wa pa nchito: amene analembedwa kale ndiye asankha poyamba, ndipo wobwera dzulo alandira zotsala. Zotsalazo kawiri kawiri ndi mizinda yodula monga New York ndi San Francisco, kumene akale safuna kukhalako. Makampani a migodi kale anali kupatsa munthu nyumba m'komboni pomlemba nchito. Kampani ya ndege sicita cotero ai. Ingochula ora lofikira pabwalo, za pogona adziwa ndi mwini wace.

Tsono taonani kusiyana kwa malipiro ndi lendi. M'caka ca 2022 lendi ya nyumba wamba pa Manhattan, pakati pa New York, inapitirira madola 4,000 pa mwezi. Wotumikira a paulendo woyamba kumene ku American Airlines, kuciyambi kwa 2024, anali kulandira ngati madola 27,000 caka cathunthu. Ngakhale apite kumbali kwa mzinda, malipirowo athera m'nyumba. Palinso mwambo wina wodabwitsa wa nchito imeneyi, wakuti maora a malipiro ayamba kuwerengedwa citseko ca ndege citatsekedwa. Nthawi yodikira pabwalo ndi yolandira anthu polowa inali kupita cabe, kufikira kampani ya Delta inayamba kulipira theka la malipiro pa nthawi yokweza anthu mu June 2022, ndipo ena anatsata pambuyo pace.

Cifukwa ca ici ambiri akhala kwao kumene nyumba ziri zochipa, napita kunchito pa ndege. Tikiti salipira, inde, koma akwera pokha pokha ngati mpando watsala, kapena pa kampando kopinda ka m'cipinda ca oyendetsa. Ndege ikadzala, iye atsala. Ndiye cifukwa cace wanzeru anyamuka dzulo lace, kuti ikamsiya yoyamba akwere yaciwiri. Tsiku la ulendowo ndi tsiku lace lopumula, ndipo palibe amlipira kanthu.

Akafika agona kuti? Pafupi ndi mabwalo akuru pali nyumba zimene anthu a ndege asonkherana, anthu khumi kapena makumi awiri m'nyumba imodzi, makama osanjikizana ngati m'nyumba yogona ana a sukulu. Wolipira zambiri akhala ndi kama wace wace; wolipira zocepa agona pa kama ali yense amene wampeza wopanda munthu, nthawi zina akali wofunda ndi thupi la mnzace amene wangodzuka. Dera la Kew Gardens ku New York ladzala nyumba zotere kotero kuti anthu analicha dzina loseka lakuti Crew Gardens. Ku Los Angeles m'caka ca 2009 oyendetsa ndi amakanika ena anali kukhala m'magalimoto okhala ndi kama m'kati, pa malo oimikapo magalimoto a bwalo la ndege lomwelo. Obvutika koposa ndi atsopano amene aikidwa pa nchito yodikira kuitanidwa, pakuti ayenera kukhala pafupi masiku angapo, okonzeka kufika pabwalo m'maora awiri kapena atatu, ngakhale foni isalire konse.

Kwa zaka zambiri anthu wamba sanali kudziwa za moyo umenewu. Unaonekera poyera ndi tsoka la usiku wa 12 February 2009, pamene ndege ya kampani ya Colgan Air, yocokera ku Newark pafupi ndi New York, inagwera pa nyumba itatsala pang'ono kufika ku Buffalo. Anthu 49 a m'ndegemo anafa, ndi mmodzi wa m'nyumbamo. Ofufuza a boma anapeza kuti kapitao analakwitsa: liwiro litacepa ndipo cenjezo litamveka, iye anakoka ndege kuloza m'mwamba m'malo moweramitsa mutu wace kuti ipezenso liwiro. Ico ndico anacicha cifukwa ceni ceni. Koma anafunsanso za kumene anthu awiri oyendetsawo anagona, ndipo zimene anamva zinadabwitsa dziko.

Kapitaoyo kwao kunali ku Florida, ndipo usiku wa dzulo lace anaugonera m'cipinda copumuliramo anchito pabwalo, ngakhale lamulo la kampani linali kuletsa kugonamo. Wothandiza wace anali mtsikana wa zaka 24, wolandira ngati madola 16,000 pa caka. Iye anali kukhala kwa makolo ace pafupi ndi Seattle, mtunda wa mailosi ngati 2,400 kucokera ku Newark, ndiko kunena kutali koposa kucokera ku Ndola kufika ku Cape Town. Anayenda usiku wonse pa ndege ziwiri za katundu, nasintha pa Memphis, nafika mbanda kuca, nagona pa mpando kudikira nchito ya madzulo. Makina osunga mau a m'cipinda ca oyendetsa anaonetsa kuti sanali kumva bwino m'thupi, ndi kuti anadandaula kuti akanena kuti wadwala adzayenera kudzilipirira yekha hotela kufikira atacira. Mwa oyendetsa 137 a kampaniyo olembedwa pa Newark, 93 anali ocokera kwina. Ofufuzawo anati kutopa kuyenera kuti kunawafoketsa awiriwo, koma sanathe kuyesa kukula kwace.

Abale a anthu akufawo sanakhale cete. Anapita ku Washington kawiri kawiri kufikira Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano mu 2010. Kuyambira 2013 munthu wofuna kukhala wothandiza kapitao ayenera kukhala atauluka maora 1,500, pamene kale maora 250 anali okwanira. Ophunzira ku nkhondo ndi ku masukulu ena akuru awacepetserako. Kuyambira 2014 woyendetsa ayenera kupatsidwa maora 10 opumula asanayambe nchito. Ena atsutsa kuti maora 1,500 acurukitsa, pakuti oyendetsa awiri a Colgan aja onse anali atapitirira kale maora amenewo. A mabungwe a oyendetsa ayankha kuti lamuloli ndilo linakweza ulemu ndi malipiro a nchitoyo. Koma zoti linatalikitsa njira, palibe akana. Maphunziro a kuyendetsa ndege adya ngati madola 100,000, kawiri kawiri a ngongole, ndipo pambuyo pace mnyamata ayenera kutha caka kapena ziwiri akuphunzitsa ena pa ndege zazing'ono kuti maora akwane. Amene anawerengera bwino anaona ngongole kumbuyo, malipiro a mphawi kutsogolo, ndi kama wosinthana ku New York. Ambiri anasankha nchito zina, ndipo sangaimbidwe mlandu.

Pamwamba pa izi panadza nthenda ya Covid mu 2020. Maulendo ataima, makampani ananyengerera akuru akuru zikwi zambiri kuti apume msanga pa nchito. Ena anali kucoka kale, pakuti lamulo la 2007 linaika zaka 65 kukhala malire a woyendetsa ndege za anthu. Anthu atayambanso kuyenda, makampani akuru anatenga oyendetsa kwa makampani ang'ono, ndipo ang'onowo anatsala ndi ndege zopanda eni. Apo ndipo thumba la ndarama linamasuka. Mu June 2022 makampani a Envoy ndi Piedmont, amene ali a American Airlines, anakweza malipiro a woyamba kumene kucokera pa madola ngati 51 kufika pa 90 pa ora, ndi ena anacita cimodzi modzi. Omvera asaiwale kuti maorawo ndi a m'mwamba okha, ngati 75 pa mwezi. Acinyamata anabwereranso ku masukulu a ndege, ndipo pofika 2024 kusowa kwa oyendetsa kunayamba kucepa.

Za ulendo wa kunchito lamulo silinakhudze. Akatswiri amene boma linawapempha kuti afufuze nkhaniyi ananena mu 2011 kuti umboni sunakwane wakuti nkuikirapo lamulo. Makampani safuna kulipira nyumba, ndipo oyendetsa eni ace safuna kuuzidwa kokhala, pakuti bwalo litha kutsekedwa caka ciri conse, ndipo munthu sangasamutse ana ace ku sukulu nthawi zonse kampani ikasintha maganizo. Cimene lamulo lifuna ndi ici cokha: asananyamuke, woyendetsa atsimikize yekha kuti ali ndi mphamvu zokwanira kugwira nchito. Maora 10 aja awerengedwa ngati opumula, ngakhale munthuyo anawathera pa kampando kopinda pakati pa Seattle ndi Newark.