Sukulu ya Akhungu ya ku Magwero

Kale m'midzi yambiri mwana wosaona sanali kupita ku sukulu. Anzace akanyamuka m'mawa ndi masileti ao, iye anali kutsala pa khonde, ndipo anthu anali kunena kuti, "Nanga wakhungu angawerenge bwanji?" Koma anthuwo analakwa, pakuti nzeru sizikhala m'maso ai.

Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mzinda umene dzina lace lakale linali Fort Jameson, kunali Mishoni wa Dutch Reformed Church. M'caka ca 1905 mai wina wa pa Mishonipo, dzina lace Issie Hofmeyr, anayamba kuphunzitsa akhungu. Imeneyi ndiyo inali sukulu yoyamba ya akhungu m'dziko lathu lino.

Kodi wakhungu awerenga ndi ciani? Awerenga ndi zala. Malembo ace ndi timadontho totukuka pa pepala lolimba, tonga timbewu ta mawere. Cilembo ciri conse ciri ndi malo a timadontho 6, titatu kumanzere ndi titatu kumanja. Kadontho kamodzi ka pamwamba kumanzere ndiko "a". Mukaonjeza kena pansi pace, ameneyo ndi "b".

Amene anapanga malembo amenewa ndi Louis Braille, mnyamata wa ku France, wobadwa m'caka ca 1809. Iye anabadwa woona bwino-bwino, koma ali ndi zaka zitatu anadzilasa m'diso ndi cida ca atate wace, amene anali mmisiri wa zikopa, ndipo pambuyo pace maso onse awiri anafa. Akulu anati, "Lunga-lunga mpobadwa, cilema cicita kudza." Cimene cinaonekera Louis cingaonekere ali yense wa ife, nanga tisekerenji mnzathu wolemala? Pofika m'caka ca 1824, ali ndi zaka 15 zokha, anali atakonza kale malembo ace.

M'caka ca 2012 Boma la Zambia linaika lamulo loteteza anthu olemala, lakuti asakanizidwe maphunziro cifukwa ca kulemala kwao. Koma lamulo palokha silingapatse mwana bwenzi. Nchito imeneyo ndi yanu, ana inu.

Mukafika kwa mnzanu wosaona, yambani mwanena dzina lanu. Poyenda naye musamkoke; iye agwire mkono wanu, inu mutsogole pang'ono. Musasiye mipando pa njira. Mnzanu wacialubino, amene maso ace saona patali, mumpatse malo a kutsogolo, pafupi ndi bolodi. Polankhula ndi wosamva, mumyang'ane kumaso kuti aone milomo yanu. Ndipo ikafika nthawi ya masewera, muwaitane onsewa, pakuti sukulu ndi yaonso.

Mafunso
1. Kodi sukulu yoyamba ya akhungu m'dziko lathu inayamba kuti, ndipo caka citi?
2. Fotokozani maonekedwe a malembo a Braille.
3. Kodi mungamthandize bwanji mnzanu wosamva?