Turbo pa injini yothina: mtengo weniweni ubisala kuti?

Galimoto zambiri zonyamula anthu pakati pa Mulanje Boma, Chitakale, Limbuli ndi Muloza ndi zazing'ono zochokera ku Japan, monga Toyota Sienta, Probox ndi Vitz. Zikadzaza anthu ndi matumba, makamaka pa zitunda za msewu wa M2 wodzera ku Thyolo, mphamvu zimachepa. N'chifukwa chake eni ena amaganiza zogula turbo yakale pa mtengo wozizira ndi kuimangirira pa injini. Koma pa ntchito yonseyi, turboyo ndiyo yotsika mtengo. Ndalama zambiri zimapita ku zinthu zoteteza injini kuti isaphulike.

Turbo si yachilendo. Katswiri wa ku Switzerland, Alfred Büchi, adalembetsa luso limeneli mu 1905. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kagudumu ka mapiko maulendo oposa 100,000 pa mphindi, ndipo kagudumu kena ka pa mtengo womwewo kamakankhira mpweya m'masilinda. Mpweya ukachuluka, petulo wambiri amapsa, mphamvu n'kukwera.

Vuto limayambira pa chimene amakaniko amachitcha kompuleshoni, kutanthauza mmene pisitoni imapanikizira mpweya ndi petulo zisanayatsidwe. Injini ya 1NZ-FE, yomwe ili m'Sienta ndi Probox zambiri, kompuleshoni yake ndi 10.5:1. Ndiye kuti zimene zalowa m'silinda zimafinyidwa mpaka kutsala m'malo ochepa kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Mazda Demio ya Skyactiv ya mu 2011 idafika pa 14:1. Kufinya kotereku ndiko kumachititsa galimotozi kumwa mafuta pang'ono, koma kumatanthauzanso kuti injini ili kale pafupi ndi malire ake.

Mpweya ukafinyidwa umatentha. Turbo imaufinya koyamba, pisitoni n'kuufinyanso. Kutentha kukapyola muyeso, mbali ina ya petulo imaphulika yokha moto wa pulagi usanaifikire. Woyendetsa amamva kulira kwa ngwe-ngwe-ngwe, ngati timiyala m'chitini. Kuphulika kumeneku kumang'amba m'mphepete mwa pisitoni, kuthyola malin'gi, kuwotcha gasiketi ndi kuphwanya mabelin'gi. Pa injini ya turbo zimenezi zingachitike pa chitunda chimodzi chokha, injini n'kunoka.

Opanga galimoto adalizindikira kalekale vutoli. Toyota Starlet ya m'zaka za m'ma 1990 inkatuluka ndi injini zingapo za malita 1.3. Yopanda turbo, 4E-FE, inali ndi kompuleshoni ya 9.6:1, pomwe ya turbo, 4E-FTE, adaitsitsa kufika pa 8.2:1. Zoona, injini zamakono zina zili ndi turbo komanso kompuleshoni yokwera, monga ya malita 1.2 yomwe idalowa m'Toyota Auris mu 2015, ya 10:1. Koma imeneyo imapopera petulo mwachindunji m'silinda, zomwe zimaziziritsa mpweya, ndipo mapisitoni ndi kompyuta yake adazikonzera ntchito yomweyo.

Mtundu wa petulo nawo uli ndi mbali yake. Petulo wa octane yokwera amapirira kufinyidwa. Ku South Africa woyendetsa amasankha pakati pa 93 ndi 95, koma pa mapampu a m'dziko muno petulo ndi wa mtundu umodzi. Amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakweza octane, koma injini yosinthidwa singadalire zimenezo. Mafuta akasowa, ambiri amathamangira wa m'zigubu yemwe sadziwika chimene chathiridwamo. Onjezanipo dzuwa la mu October ndi November m'munsi mwa phiri la Mulanje: mpweya umalowa mu injini uli wotentha kale.

Wofuna kuchita ntchitoyi moyenera ayenera kuwerengera zinthu zingapo. Pamafunika intercooler yoziziritsa mpweya wochoka mu turbo, mapaipi atsopano a ekizozi, ndi timapaipi topititsa ndi kubweza oyilo, chifukwa turbo yosowa oyilo imafa m'kanthawi kochepa. Pamafunikanso mainjekita akuluakulu ndi pampu yamphamvu, popeza mpweya wambiri pa petulo wochepa umasungunula pisitoni. Chachikulu ndi kompyuta ya injini. Yochokera ku fakitale idakonzedwera injini yongokoka mpweya yokha, choncho pamafunika ina yotheka kuisintha, pamodzi ndi katswiri woichuna kuti moto wa pulagi uzichedwerako turbo ikayamba kukankha. Mphamvu ya turbo nayo iyenera kukhala yochepa, yosapyola theka la bar.

Kutsitsa kompuleshoni kumafuna mapisitoni ena. Njira yachidule yoika gasiketi yochindikala imatsitsadi nambala, koma imasokoneza kapsedwe ka petulo m'silinda, ndipo phindu lake limachepa. Mavuto sathera mu injini. Sienta ndi Vitz zambiri zili ndi giyabokosi ya CVT, yoyendera lamba wachitsulo yemwe amaterera mphamvu ikapitirira imene adamukonzera. Mabuleki ndi ladiyeta nazo zimalemedwa. Ndiponso kampani ya inshuwalansi ingakane kulipira pa ngozi ikapeza kuti injini idasinthidwa osaiuza.

Zonsezi zikaphatikizidwa, mtengo ungafike kapena kupyola wa injini ina yathunthu. Wofunitsitsa turbo angachite bwino kugula galimoto kapena injini yobadwa nayo, pamodzi ndi mawaya ndi kompyuta yake.

Kwa mwini galimoto imene imadyetsa banja, funso loyamba ndi lakuti mphamvu zidapita kuti. Injini yoti idayenda makilomita ochuluka imafooka chifukwa cha sefa yampweya yotsekeka ndi fumbi, mapulagi otha, mainjekita akuda, ekizozi yotsekeka kapena malin'gi odyeka. Makaniko angayeze kompuleshoni ya silinda iliyonse ndi kachipangizo kamodzi, ndipo zambiri mwa zimenezi zimakonzeka ndi ndalama zochepa. Chotsala ndi katundu. Sienta idapangidwira anthu asanu ndi awiri, ndipo ikanyamula omwewo pa injini yosamalidwa, zitunda za ku Thyolo imakwera popanda turbo.